Nyimbo ya Maliro Imene Ankafuna Kuvinira

Senderani kuno nonse, a ku Diepsloot kuno ndi a kumudzi ku Dedza amene mudzamve izi m'tsogolo. Mafoniwo muyambe mwawagoneka chafufumimba, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali ndipo ine sindidumphitsa. Pensulo sindinaigwirepo chibadwire. Akulembayu ndi mwana wanga Esinati, ndipo ndamuuza kuti asakonze mawu anga. Ndikufuna mudziwe chimene ndinasiyira ntchito imene ndinaigwira zaka zoposa makumi awiri. Ena mumati agogo anachotsedwa chifukwa cha makani. Makani alipo, sindikana. Anandiuza kuti ndidinde chala papepala kuti ntchito ipitirire, ine n'kukana. Tsono imvani kuti pepalalo linali la chiyani.

Chaka chimene ndinafika ku Joni

Ndinabwera motsatira agogo anu aamuna, amene anali atasiya za mgodi n'kumalima m'maluwa mwa azungu. Ntchito yanga yoyamba inali ya m'nyumba ku Rosebank, kwa dona wina wokalamba amene ankakonda agalu ake kuposa anthu. Za kumeneko sindinena zambiri. Kuchapa, kusita, ndi kuphikira agalu chiwindi ine ndikudya buledi wa dzana. Patatha zaka zitatu donayo anapita kwa ana ake kunja, m'chaka chomwecho agogo anu anamwalira, ine n'kutsala manja ali m'khosi, Esinati ali kusukulu.

Mayi wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza kuti ku Doornfontein, pamwamba pa shopu ya holoselo ya nsalu, akufuna munthu wokolopa ndi kupanga tiyi. Sanandiuze kuti ndi malo ojambulira nyimbo, amene amati situdiyo. Tsiku loyamba ndinalowa m'chipinda n'kupeza makoma onse atamatidwa matireyi a mazira. Ndinati mumtima, anyamata auve awa, adya mazira n'kupachika zinyalala kukhoma. Ndinayamba kumatula. Ndinali nditadzaza thumba limodzi pamene kunalowa bambo wonenepa, wa phuma, akukuwa kuti, "Hayi, hayi, mama! Wandipha!" Ameneyo anali mwini situdiyo, a Mandla, amene aliyense ankawatchula kuti Bra Mandla. Anandifotokozera kuti matireyiwo amagwira mawu kuti asabwerere. Ndinati basi ntchito yatha isanayambe. Koma anaseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa dzina. Nditati ndine NaPhiri, iwo anati MaPhiri, ndipo dzinalo linandikakamira mpaka lero.

Zaka za makaseti ndi masidi

Nyimbo za m'menemo zinali zimene amati hipihopu, ena amati rapu. Poyamba ndinkayesa akukangana. Munthu alowe m'kachipinda, avale zam'makutu, ayambe kulalatira chitsulo ngati akuyankha mlandu pabwalo. Ndinafunsa a Mandla kuti, "Kodi kuimbako ayamba liti?" Anati, "Ndi kumeneku, MaPhiri." Ndinangogwira pakamwa. Koma Chizulu chitayamba kulowa m'makutu mwanga, ndinazindikira kuti anawa akusimba nkhani. Wina za bambo ake amene anapita ku hositelo osabwerera, wina za apolisi, wina za mayi ake ogulitsa mitu ya nkhuku pa renki ya matekisi, maminibasi a kuno. Ndinati, aa, ngati ndi nkhani ndiye tili pamodzi.

Zinthu zinali zosowa. Tepi yojambulira inali yodula, moti a Mandla ankaisunga m'kabati yokhoma pamodzi ndi shuga. Munthu sankaloledwa kulowa m'kachipinda asanaloweze mawu ake onse. Unkawapeza anyamata akuyendayenda pa masitepe milungu ndi milungu, milomo ikungogwedera, makope awo atada ndi thukuta la m'thumba. Wina akalakwitsa kawiri, a Mandla ankazimitsa makina n'kunena kuti, "Pita ukadye, ukabwere Lolemba." Chimbale chimodzi chinkatenga chaka, china ziwiri. Chikatha chinkabwera m'makatoni, ine n'kuthandiza kulowetsa timapepala ta zithunzi m'zikuto zake. Chinali chinthu choti uchigwire m'manja, uchinunkhize, ukachionetse kwa amayi ako.

Tsiku lina ndikukolopa, ndinapeza a Mandla akukangana ndi mnyamata wina za mmene nyimbo zitsatirane m'chimbale chake. Anaziika, anazimva, anazisintha, mpaka tiyi anazizira. Ine zinandinyansa. Ndinaimika mopu n'kunena kuti, "Abwana, pepani, koma izi sizikuyenda. Nyimbo yachitatu mwamuika mnzake m'manda. Yachinayi ali kale kufunsira atsikana. Ndi munthu wanji ameneyu, wosasamba ndi m'manja momwe?" Mnyamatayo anati, "Mama, inu kolopani." Koma a Mandla anatukula dzanja. "Muleke. MaPhiri, iwe ukanaika bwanji?"

Vuto linali lakuti maina a nyimbo anali papepala, ine pepala silindilankhula. Ndiye ndinatenga makapu a tiyi. Tinali nawo khumi ndi awiri, osafanana, ena opatsidwa, ena otola. Ndinati kapu yothyoka chogwirira ndi nyimbo ya maliro ija, yofiira ndi ya atsikana, yamalata ndi ya apolisi. Ndinazindandalitsa pa thireyi n'kuyamba kusuntha. Ndinati munthu ayambe wapereka moni, tidziwe kuti ndi mwana wa yani. Aseke, afunsire, alakwe. Kenako tsoka limupeze. Akalira, musamusiye pamenepo, mumutulutse panja aone kuti kwacha. Nkhani imayenda choncho, kaya ndi ya ku Dedza kaya ndi ya ku Soweto. Anayesa. Chitatha chimbalecho mnyamata uja anangoti, "Eish." Sanapepese, koma m'mawa mwake anandibweretsera magwinya otentha, mandasi a kuno.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Chimbale chilichonse chisanapite kofakitale, Lachisanu masana tinkatseka chitseko. Foni ya pakhoma ankaichotsa pa chingwe. Aliyense pansi, ine ndi thireyi yanga pakati, n'kumvera kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, popanda woyankhula, popanda wopita kuchimbudzi. A Mandla ankati, "Chimbale chimene sichingamukhazike MaPhiri pansi ola limodzi sichituluka pakhomo pano." Malipiro anga anali a wokolopa ndithu, musaganize zina. Koma ndinkakwera masitepe aja ngati munthu.

Chaka cha chimbale cha Lameki

Lameki ankatsitsa mabelo a nsalu pa shopu ya pansi ija. Tsiku lina anandimva ndikukalipira ketulo m'Chichewa, anasuzumira pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, muli bwanji?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Chichewa chake chinali chothyokathyoka, chosakanikira Chishona, chifukwa anabadwira m'komboni ya mgodi ku Zimbabwe. Bambo ake anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, ndipo sanabwererenso. Lameki kumudzi sanakuonepo. Ku Zimbabwe ankamuti ndi Mmalawi, ku Joni kuno ankamuti ndi Mzimbabwe, ine ndekha ndinkamuti mwanawe. Dzina lake la pa siteji sindilitchula, lilime langa limakana.

Anali ndi kope lake nayenso. A Mandla atamumva, anamupatsa Loweruka lililonse. Zaka ziwiri mwana uja akumanga chimbale cha moyo wa bambo ake: ulendo wapansi, mgodi, fumbi, ukwati wa m'komboni, kuthamangitsidwa, kubwera ku Joni atakalamba. Chili pafupi kutha, bambowo anamwalira ndi chifuwa cha mgodi mu mkhukhu wa malata kuno ku Diepsloot. Anaikidwa mothamanga, pakati pa sabata, anthu osakwana tekisi imodzi. Ine ndinamva maliro atadutsa kale.

Atabwerera, Lameki anandipeza ndikutsuka makapu. Anati, "Amayi, bambo anga apita ngati galu. Palibe anawaimbira ya kwawo. Amayi anga ndi Mshona, sadziwa. Inu mukudziwa. Mundiimbire m'chimbalemu."

Ndinati, "Iwe Lameki, nyimbo ya maliro saimba pamasewera. Amenewo ndi malaulo. Ukufuna tiitane imfa muno?"

Anati, "Imfa inabwera kale, amayi. Chimene sichinabwere ndi nyimbo."

Ndinagona nazo masiku atatu. Kenako ndinauza a Mandla kuti ndiimba, koma akhale maliro enieni. Ndinabwera nditavala chitenje ndi duku. Lameki anabweretsa jekete ya bambo ake, tinaiyala pansi m'kachipinda muja. Onse anavula nsapato n'kukhala pansi, ndi a Mandla omwe ndi mimba yawo. Ndinaimba nyimbo imene amayi anga ankaimbira anthu ofera kutali, yonena kuti mwana wa eni wagona kuchilendo, ndani akauze amake. Ndinaimba kamodzi kokha. A Mandla sananene kuti tibwereze, ndipo akanati anene ndikanakana. Titatuluka ndinaika beseni pakhomo, aliyense anasamba m'manja.

Lachisanu lomvera, nyimbo yanga inali kapu ya khumi ndi chimodzi. Ndinauza a Mandla kuti pambuyo pake pasabwere ng'oma msanga. Anasiya kachete kotalika ndithu, koti munthu n'kupuma katatu, kenako Lameki n'kulowa ndi nyimbo yomaliza, yowauza bambo ake kuti afika kwawo. Chimbalecho sichinamulemeretse. Koma amuna akuluakulu a m'migodi ankabwera pa masitepe paja kudzamugwira chanza.

Zaka za mafoni

Esinati, apa ulembe bwino, chifukwa ndi pamene mutu wanga unayamba kuwawa. Masidi anasiya kugulidwa. Makatoni anasiya kubwera. Makutu a a Mandla, amene anali chuma chawo chonse, anayamba kugontha, ndipo situdiyo anaisiyira mwana wawo Thabiso, amene anaphunzira za bizinesi. Sindikuti anali mwana woipa. Ankandipatsa moni, ankanditcha gogo, anandigulira mopu wofinya ndi phazi. Matireyi a mazira anamatula yekha n'kuika masiponji okongola. Koma nyimbo kwa iye zinali manambala a pafoni.

Oimba anayamba kubwera opanda kope. Munthu alowe m'kachipinda wopanda mawu ngakhale amodzi, ang'ung'udze mzere umodzi, aime, amwe zakezo, ang'ung'udze wina, kompyuta n'kumalumikiza ngati zigamba. Mawuwo awadutsitse m'makina, atuluke onse ofanana, ngati mbuzi yalowa m'chitini. Ukatchera khutu kuti umve nkhani, upeza galimoto, wotchi, botolo, matako a mtsikana. Nyimbo yachiwiri: botolo, wotchi, galimoto. Galimotoyo alibe, ndinkamuona ndi maso angawa akutsika tekisi pakona. Aliyense ankabwera ndi anzake asanu omujambula, ojambula akujambulanso ojambula anzawo, n'kumaponda pamene ndakolopa. Nyimbo isanatenthe n'komwe, yatha. Ketulo yanga inkachedwa kuwira kuposa nyimbo zawo.

Tsiku lina Thabiso anati, "Gogo, Lachisanu tikutulutsa chimbale." Ndinasangalala, ndinatsuka makapu onse. Ndinafunsa kuti nyimbo zilipo zingati. Anati makumi atatu. Ndinati, "Makumi atatu? Wazipanga zaka zingati?" Anati masiku asanu ndi anayi. Ndinati, "Nanga makapu ndiwatenga kuti?" Anaseka. "Gogo, zilibe kanthu kuti iti ili pati. Palibe amamvera motsatana. Aliyense amatola imene waikonda, zina amataya. Zikachuluka, manambala amakwera." Ndinati, "Ndiye si chimbale chimenecho, ndi mulu wa kaunjika." Ndinapempha kuti ndichigwireko m'manja. Anati kulibe chogwira, chimangokhala m'mafoni. Mwambo wa Lachisanu unafa choncho, popanda ndi wolengeza yemwe.

Musandimve molakwa, si kuti ana a lero alibe luso. Kunabwera mtsikana wina wa ku Alexandra amene anali ndi nyimbo ya mchemwali wake wosowa, ndime zinayi, yoti tsitsi n'kuima. Thabiso anati adule zitatu, ayambe ndi kolasi. Ndinamva ndi makutu anga akumuuza kuti, "Sisi, munthu akapanda kukodwa poyambirira pomwe, chala chimapitirira." Mtsikanayo anadula. Mchemwali wake anasowa mu ndime yoyamba, ndipo mpaka lero m'nyimbomo sanapezeke. Ndinamufunsa Thabiso kuti, "Kodi chala chimenechi n'cha yani, choti tonse tizichiopa chonchi?" Anangoti, "Ndi mmene zilili, gogo."

Chaka chimene ndinasiya ntchito

Thabiso anaganiza zosamutsira situdiyo ku Rosebank, m'nyumba ya magalasi. Posamuka anatsegula kabati ija n'kupeza matepi akale, n'kuyamba kufufuzamo zoti agwiritsenso ntchito. Lachiwiri lina m'mawa ndikupukuta mawindo, ndinamva mawu otuluka m'masipika. Anali opyapyala, othamanga, ngati a kamwana, pansi pake chigubu chikugunda cha kumowa. Anyamata atatu anali kuvina, wina akugwedeza chiuno kutsogolo kwa foni. Ndinamvera kawiri. Anali mawu anga. Anadula mzere umodzi wokha, wa ndani akauze amake, n'kumaubwereza.

Ndinazimitsa pakhoma. Chilichonse chinathima, ndi kompyuta yomwe.

"Gogo! Mwatani?"

"Ukudziwa chimene mukuvinachi?"

"Ndi faya iyi, gogo, moto weniweni. Mawu anu ndi golide. Dziko lonse livina."

"Ndi maliro amenewo. Pali munthu wagona pamenepo."

Anandiyang'ana ngati ndanena za mfiti. Iye Chichewa sankamva, anangomva kukoma kwa mawu. Ndinamufotokozera zonse, za jekete, za beseni. Anamvetsera mwaulemu ndithu, n'kunena kuti, "Sori, gogo, koma palibe amene adzadziwe tanthauzo." Ndinati, "Ine ndikudziwa. Amalawi onse a mu Joni muno adzadziwa. Akufawo akudziwa."

M'mawa mwake anabwera ndi pepala ndi kabokosi ka inki. Anati maloya akuti nyimbo singatuluke popanda chilolezo changa, popeza mawu ndi anga ndipo kale lija sitinalembe kanthu. Ananena mosabisa kuti nyumba ya ku Rosebank ili ndi kampani yakeyake yokolopa, ndipo kuti anditenge ayenera kumenyera nkhondo. "Mukandithandiza, gogo, inenso ndikuthandizani. Mudzangopanga tiyi basi, mopu simudzaugwiranso." Ndinamva bwino lomwe. Chala papepala, ntchito ilipo. Chala m'thumba, pitani kwanu. Ndinali ndi zaka zoti palibenso angandilembe kwina, ndipo ana a Esinati awiri ankadya za m'manja mwanga.

Zikanakhala zokhazo, bwenzi ndikuti zinali zopepuka. Koma Lachinayi kunabwera Lameki. Ndinali ndisanamuone zaka. Imvi zinali zitayamba, ankayendetsa galimoto ya eni yonyamula anthu oitana pafoni. Thabiso anali atamulonjeza kuti aikamo ndime yake m'nyimbo yatsopanoyo, pambali pa mnyamata wotchuka. Anandipeza pa sinki pomwe paja.

"Amayi, dindani."

"Iwe Lameki, ndi bambo ako amenewa."

"Bambo anga anagona, amayi. Ine ndili maso. Zaka khumi palibe wandiitana. Ana anga sakhulupirira kuti ndinaimbapo. Mizere isanu ndi itatu yokha, anthu akumbuke kuti ndilipo."

"Mizere yonena chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Za galimoto."

"Ya eni ija?"

"Amayi, musandinyoze."

Ndinamunyoza ndithu, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti ndalakwa. Mwana uja sanabwere ndi dyera, anabwera ndi njala ya kumvedwa. Ndinaona kuti ndikakana, sindikudzichotsa ndekha ntchito, ndikumutsekeranso iye khomo. Ndiye ndinapita kwa Thabiso n'kunena kuti, "Chabwino. Mawa ndi Lachisanu. Titseke chitseko monga ankachitira bambo ako. Timvere chimbale cha Lameki chonse, mafoni panja. Chikatha, ngati nonse awiri mudzanene kuti dindani, ndidzaganiza." Ndinkayesa kuti akamva nyimboyo ili pamalo pake, pambuyo pa mgodi ndi fumbi, manyazi awagwira okha, ine osakana ndi pakamwa.

Tinakhala pansi atatu. Nyimbo yoyamba Thabiso anagwedeza mutu. Yachiwiri anati, "Bambo anga anali ndi khutu, eti." Yachitatu anayamba kugwedeza mwendo mosakhazikika. Yachinayi isanathe, dzanja linalowa m'sokosi. Anali atabisamo foni! Mwana wamkulu, wa ndevu, kubisa foni m'sokosi ngati fodya wa kusukulu. Anati, "Miniti imodzi, gogo, ndi zofunika," n'kutuluka. Ndinkamumva akuseka pa masitepe.

Tinatsala awiri. Lameki anamvera zonse mutu uli pa mawondo. Itafika ya khumi ndi chimodzi, mapewa ake anayamba kugwedezeka. Kachete kaja kanadutsa, nyimbo yomaliza inatha. Ndinadikira. Anapukuta m'maso ndi chipewa, n'kunena chapansipansi kuti, "Ndi chabwino, amayi. Ndi chinthu chabwino chokhacho chimene ndinapangapo. Koma dindani."

Nzeru yanga inathera pamenepo. Panalibenso wondikanira, ndinayenera kukana ndekha. Thabiso analowa, pepala m'manja, inki yotsegula. Ndinayang'ana chala changa chachikuluchi. Ndinaganiza za tekisi ya m'mawa, za ana a Esinati, za Lameki. Ndinaganizanso za tsiku limene ndidzakwere tekisi n'kumva mawu anga akufunsa kuti ndani akauze amake, atsikana akuombera m'manja. Ndinati, "Thabiso, mawu amenewo si anga oti ndigulitse. Ndinabwereka kwa amayi anga, ndinapereka kwa bambo a mwana uyu. Anapita nawo. Ukafuna chilolezo, ukawapemphe iwowo."

Anati, "Gogo, mukudziwa tanthauzo la zimenezi?"

Ndinati, "Ndine wosaphunzira, sindine wogontha."

Lameki anaimirira n'kutuluka osanditsanzika. Mwezi utatha situdiyo inasamuka, ine sindinasamuke nayo. Thabiso anandipatsa zonse zoyenera munthu wopuma, sananditsine kanthu, anandiperekeza mpaka pa renki. Panjira anati, "Simukumvetsa mmene zinthu zikuyendera, gogo." Ndinati, "Ndikumvetsa. Zikuthamanga. Kumene zikupita ndiye sindikukuona."

Za kumene aliyense anathera

A Mandla anamwalira chaka chotsatira, atagontheratu. Nditapita kukawaona asanamwalire, ndinawakuwira m'khutu zimene zinachitika. Sindikudziwa ngati anamva. Anangondigwira dzanja n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Thabiso ali ku Rosebank, zikumuyendera. Nyimbo ija anaitulutsabe. Anapeza mtsikana wina woti ang'ung'udze zofanana ndi zanga, zopanda mawu enieni, kungoti aa ee. Inalira m'matekisi milungu itatu. Lero mukawafunsa amene ankavina, sangakuimbireni. Pa Khirisimasi amanditumizira uthenga pafoni ya Esinati, ndipo ndimamuyankha, chifukwa ndinamuona akukwawa.

Mtsikana wa ku Alexandra anasiya kuimba, akugwira ntchito kufamase. Esinati anawonjezera masiku a ntchito kuti ana adye, ndipo miyezi ingapo sankandilankhula bwino. Akulemba izi nkhope ili gwa, koma akulemba.

Lameki anaimba mizere yake isanu ndi itatu ya galimoto. Palibe anamuitananso. Chaka chonse sanandipatse moni, ngakhale tinkakumana pa mpopi. Kenako tsiku lina m'mawa ndinamva kugogoda pa malata. Anali iye, chipewa m'manja. Amayi ake anali atamwalira, ndipo ndalama yotumizira mtembo ku Zimbabwe panalibe, ndiye amati awaike konkuno. Sanapepese, inenso sindinamufunse. Anangoti, "Amayi, nawonso agona kuchilendo."

Ndinavala chitenje ndi duku. Kumanda nditangoyamba kuimba, mayi wina wa chipewa chachikulu anatukula foni kuti andijambule. Ndinasiya. Ndinangoima n'kumamuyang'ana. Anthu anayamba kutsokomola, abusa anayang'ana wotchi. Lameki anayenda pang'onopang'ono, anafika pa mayi uja, n'kutsitsa dzanja lawo ndi dzanja lake. "Ikani m'chikwama, mama," anatero. "Iyi ndi yaitali."

Ndinayambiranso poyamba, ndipo ndinaimba mpaka pamene imathera.